NCHITO YA M'NKHOKWE ZA INTANETI: KODI MNYAMATA WA KU MANYAMULA ADZAKWERA KUFIKA PATI?

Mphunzitsi amene waphunzitsapo ku Manyamula, ku Edingeni kapena ku Embangweni safunika kuuzidwa kumene anyamata ace ambiri amanka akatsiriza Fomu 4, kapena ngakhale asanaitsirize. Amanka ku Joni. Agogo ao anapita, atate ao anapita, ndipo nyumba zambiri za malata zimene zioneka m'midzi ya kumwera kwa boma la Mzimba zinamangidwa ndi ndarama za ku South Africa. Cimene casintha ndi nchito imene akaipeza kumeneko. Kale inali ya mu mgodi. Pambuyo pace inali ya m'minda ya maluwa, ya m'khichini ndi ya ulonda. Tsopano kwabuka nchito yina, ya makampani akuru amene agulitsa katundu pa intaneti, ndipo mbiri yace ikoma m'makutu a wacinyamata: kuti kumeneko kuli yunifolomu, kuli malipiro a pa nthawi yace, ndi kuti munthu akhoza kuyamba wonyamula mabokosi ndi kutsiriza ali manijala.

Popeza awerengi athu ambiri ndi aphunzitsi ndi anchito a Boma, amene makolo amadza kwa iwo kudzafunsa nzeru asanagulitse ng'ombe kuti mwana apeze ya ulendo, taona kuti nkoyenera kuyesa mbiri imeneyi pa sikelo. Makwerero amene anyamata akuwanena alipodi, ndipo sitifuna kuwakana. Koma ndi opapatiza ngakhale kwa eni dziko, ndipo phazi lace loyamba liri m'kati mwa mpanda umene mnyamata wathu kawiri-kawiri saloledwa kulowamo.

MALONDA AMENEWA NDI OTANI?

Sitolo ya pa intaneti iribe khomo lolowera wogula. Munthu asankha katundu pa foni yace kapena pa kompyuta, alipira pomwepo, ndipo katunduyo acoka m'nyumba yaikuru yosungiramo zinthu, imene ife tiicha nkhokwe, kudzafika pa khomo pace. Kampani yoposa onse pa malonda otere ndi Amazon, imene Jeff Bezos anaiyamba ku America m'caka ca 1994, nayamba kugulitsa mabuku caka cotsatira. Anchito ace pa dziko lonse anafika pa 1.5 miliyoni, ndiko kuti oposa anthu onse a m'boma la Mzimba, amene pa kalembera wa 2018 anapitirira pang'ono 900,000. Ku South Africa malonda amenewa atsogozedwa ndi Takealot, imene inayamba m'caka ca 2011, nigula Mr Delivery mu 2014, niphatikana ndi Kalahari mu 2015, ndipo mwini wace wamkuru anakhala Naspers. Masitolo a Checkers anayamba kutumiza zakudya pa njinga zamoto mu 2019 pa dzina la Sixty60. Amazon nayo inatsegula sitolo yace ya ku South Africa pa 7 May 2024.

Cimene kholo liyenera kumvetsa ndi ici, kuti pansi pa dzina limodzi pali anchito a mitundu itatu, ndipo moyo wao sufanana konse. Alipo a m'maofesi, olemba mapulogalamu a kompyuta, owerengera ndarama ndi oyankha madandaulo a ogula. Alipo a m'nkhokwe, otola katundu m'mashelefu, omanga mabokosi ndi opakira m'magalimoto. Ndipo alipo a pa mseu, amene afikitsa katundu kwa wogula. Mnyamata akalemba kwao kuti "ndiri ku kampani yakuti", funso loyamba ndi lakuti ali mwa ati, ndipo laciwiri, lomwe liposa loyamba, ndi lakuti dzina limene lalembedwa pa cikalata ca malipiro ace ndi la yani.

Za a m'maofesi tinena mwacidule. Nchito zao ndi zabwino ndithu. Amazon inatsegula malo a akatswiri a kompyuta ku Cape Town mu 2004, ndipo kumeneko ndiko kunapangidwa gawo lalikuru la makina amene kampaniyo inayamba kubwereketsa kwa makampani ena mu 2006. Mu June 2020 inalengeza malo 3,000 a oyankha ogula ku South Africa, ogwirira nchito kunyumba. Koma inafuna munthu wa satifiketi ya Matric, wa Cingerezi cosalala, wokhala ndi cipinda cacete ndi intaneti yosadukiza. Amene agona anai m'kacipinda ka lendi adziwa yekha kuti malo otere sali ace.

M'KATI MWA NKHOKWE

Za m'nkhokwe zidziwika bwino kucokera ku America ndi ku Ulaya, kumene makhoti, nyumba za malamulo ndi atola nkhani akhala akuzifufuza zaka zambiri. Ndipo popeza kagwiridwe ka nchito kotere makampani amatsanzirana, ndi bwino kuyambira kumeneko.

Wanchito wa m'nkhokwe alibe kapitao woima pambuyo pace ndi ndodo. Kapitao wace ndi kamakina ka m'manja kamene awerengera nako katundu. Kamakinako kamuuza shelefu yoti apiteko, kawerenga zinthu zimene watola pa ora limodzi, ndipo kalemba mphindi iri yonse imene manja ace anaima. Cotero munthu akhoza kucenjezedwa, ngakhale kucotsedwa, popanda mkuru wace kumuonapo akulakwa ndi maso. Mu January 2024 bungwe la Boma la France loteteza zinsinsi za anthu linalengeza cindapusa ca mayuro 32 miliyoni pa kampani yoyendetsa nkhokwe za Amazon m'dzikomo, ponena kuti kuzonda anchito kotereku kunapyola muyeso. Ku California anakhazikitsa lamulo mu 2021 lokakamiza eni nkhokwe kuuza wanchito poyera muyeso umene amyesa nao, ndi kuletsa muyeso umene ulepheretsa munthu kupuma kapena kupita kucimbudzi. Tikaona kuti panafunika lamulo lonena za cimbudzi, tidziwa kumene zinthu zinafika. Mu December 2024 lipoti la komiti ya Senate ya ku America, imene Bernie Sanders anali wapampando wace, linati obvulala m'nkhokwe za Amazon m'caka ca 2023 anaposa a m'nkhokwe zina ndi 30 pa 100 ali onse. Kampaniyo inakana lipotilo kwa mtu wa galu, niti ngozi zakhala zikucepa.

Kunena cilungamo, kampaniyi iri ndi zace zoyamikika. Mu November 2018 inakweza malipiro otsikitsitsa a anchito ace a ku America kufika madola 15 pa ora, pamene lamulo la dziko lonselo linali pa madola 7.25. Kuyambira 2012 yakhala ndi dongosolo lochedwa Career Choice lolipirira anchito maphunziro, ndipo mu 2021 inalengeza kuti wanchito wa m'nkhokwe amene wagwira masiku 90 idzamlipirira fizi yonse ya ku koleji. Izi si zacabe. Alipo anthu amene analowa otola katundu natuluka ali anamwino, amakaniko kapena oyendetsa malole akuru.

Koma taonani mau akuti "natuluka". Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kukwera pa nchito. Maphunziro ambiri amene kampaniyo inayamba nao kulipirira anali a nchito za kwina. Mu 2021 nyuzi ya New York Times inafufuza nkhokwe yina ya ku New York, nipeza kuti ngakhale mliri wa Covid usanadze, Amazon inali kutaya anchito a m'nkhokwe 3 pa 100 ali onse sabata iri yonse, ndiko kuti pafupi-fupi 150 pa 100 pa caka. Mphunzitsi wamkuru ayese kuganiza sukulu imene aphunzitsi onse acoka ndi kulowa ena caka cisanathe, ndipo theka la atsopanowo licokanso. Nyuziyo inafotokozanso, pomva kwa mkuru wina wakale wa ofesi yolemba anchito m'kampanimo, kuti zimenezi sizinali ngozi: eni ace sanafune anchito okhalitsa, poopa kuti munthu wozolowera amazirala. Malipiro anali kukwera zaka zitatu zoyamba kenaka nkuima. Kwa zaka zingapo kampaniyo inali kupatsa wanchito ndarama zoyambira madola 2,000 kufika 5,000 kuti asiye yekha nchito. Ndipo pa udindo woyamba wa umanijala, umene wonyamula mabokosi amauyang'ana, kampaniyo inali kulembapo ambiri ocokera ku yunivesite, amene sananyamulepo bokosi.

Potero makwerero ali ndi mapazi awiri apansi amene munthu wakhama akhoza kukwera, kucoka pa wanchito wamba kufika pa wothandiza woyang'anira. Ndipo pamwamba pace pali mpata waukuru umene ocepa okha amaulumpha. M'nchito ya Boma tizolowera kuti zaka zimene munthu wagwira ziwerengedwa, ndi kuti mayeso a Boma kapena a uphunzitsi atsegula giredi yotsatira, ngakhale ticedwe ndi kudandaula. M'nkhokwe zaka sizipatsa munthu ulemu uli wonse. Cimene ciwerengedwa ndi liwiro la sabata ino.

Anchito ayesa kudziteteza mwa mabungwe, koma njira yace yakhala yolimba. Ku Bessemer, m'dera la Alabama, bungwe linagonja pa cisankho ca April 2021. Ku Staten Island, ku New York, linapambana mu April 2022, koyamba m'mbiri ya nkhokwe za kampaniyo ku America. Ku Coventry, ku England, anchito ananyanyala nchito mu January 2023, koma pa cisankho ca July 2024 bungwe la GMB linaperewera mavoti owerengeka. Onsewa ndi anthu okhala ndi ziphaso zonse, osaopa wapolisi pa cipata. Tsono tibwerere kwa mnyamata wathu.

KUMENE ATHU AIMA

Lamulo la ku South Africa, polilemba, liteteza wanchito bwino kuposa la ku America. Kuyambira 1 January 2019 kuli malipiro otsikitsitsa a dziko lonse, amene anayamba pa R20 pa ora, nafika R27.58 mu March 2024 ndi R28.79 mu March 2025. Pa muyeso wa 2025 umenewo, wogwira maora 45 pa sabata, amene ndiwo malire a nchito ya masiku onse, anali kulandira pafupi-fupi R5,600 pa mwezi. Wolembedwa nchito ali ndi chuthi, ali ndi thumba la UIF lomthandiza nchito ikatha, ali ndi cipukuta misozi akabvulala, ndipo akacotsedwa popanda cifukwa akhoza kukasuma ku bwalo la CCMA osalipira kanthu.

Nkhokwe zambiri m'dzikomo zitenga gawo la anchito ao kudzera mwa makampani obwereketsa anthu, maka-maka pa nyengo ya malonda ambiri ya November ndi December. Wotere abvala yunifolomu ya sitolo koma bwana wace ndi wina. Lamulo linakonzedwa mu 2015 kuti wa malipiro ocepa akagwira miyezi itatu pa malo amodzi ayesedwe wanchito wa mwini malowo, ndipo mu July 2018 khoti lalikuru loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa bungwe la NUMSA ndi kampani ya Assign Services. Ici cinali cipambano ca anchito. Komabe nyengo ya malonda sifika miyezi itatu.

Ndipo pano pali cipata. Kampani yaikuru, imene mabuku ace ayang'aniridwa, silemba mlendo wopanda cilolezo cogwirira nchito, pakuti lamulo la olowa ndi kutuluka la 2002 lilanga wolemba nchito wotero. Mmalawi alowa m'South Africa ndi pasipoti yace popanda viza, koma apatsidwa masiku 30 okha a ulendo, osati a nchito. Mnyamata wa ku Manyamula amene wakwera galimoto ya matransipota kudzera ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge, pakutha pa mwezi woyamba ali kale wolakwira lamulo. Zilolezo za nchito ziperekedwa maka-maka kwa a luso losowa m'dzikomo, ndipo kumanga mabokosi si luso losowa kumene anyamata a eni dziko ocuruka ali pa ulova. Cotero nkhokwe yeni-yeni, yokhala ndi mabvuto onse amene tawachula pamwambapa, kwa iye ndi malo apamwamba amene sangawafike.

Cimtsalira ndi mseu. Amene wafikapo ku Johannesburg kapena ku Cape Town waona njinga zamoto za mabokosi kumbuyo zitaunjikana pa makomo a masitolo. Oyendetsa ace ambiri ndi alendo, a ku Zimbabwe, ku Congo, ku Burundi, ku Uganda ndi kwathu kuno. Pa malamulo a makampani ambiri otumiza katundu anthu amenewa sali olembedwa nchito; ayesedwa eni bizinesi zao, opangana ndi kampani pa ulendo uli wonse. M'cinenero cathu mau ace alipo kale: ndi ganyu. Kusiyana kwace ndi kwakuti mwini munda sumuona, ndipo mtengo wa mzere auika yekha pa foni, nausintha pamene wafuna.

Waganyu wotere agula yekha petulo, alipira yekha lendi ya njinga ngati si yace, agula yekha mayunitsi a foni, ndipo maora amene akhala pa khomo la sitolo kudikira oda salipidwa. Malipiro otsikitsitsa a Boma samkhudza, pakuti lamulo lija linena za olembedwa nchito. Mvula ikagwa maoda acuruka ndipo mseu uterera. Akagwa nathyoka mwendo, ndarama ziima tsiku lomwelo. Ogula akamdandaula, akaunti yace ikhoza kutsekedwa popanda bwalo lomumva. Mu 2017 CCMA inagamula kuti oyendetsa magalimoto a Uber ndi anchito, koma mu January 2018 khoti la za nchito linafafaniza cigamuloco pa cifukwa cakuti anasumira kampani ya ku South Africa pamene pangano lao linali ndi kampani ya ku Netherlands. Wowerenga aone kubvuta kwace: munthu agwira nchito ku Johannesburg, bwana wace wa pa pepala ali ku Ulaya. Kuyambira 2019 akatswiri a ku Oxford pamodzi ndi a m'mayunivesite a ku Cape Town, pa nchito yochedwa Fairwork, akhala akupereka malikisi kwa makampani otere pa za malipiro, ngozi, mapangano ndi ufulu wa mabungwe, ndipo makampani ena anakonzako zina poopa manyazi. Koma malikisi si lamulo.

Pansi pa waganyu pali wina wotsika koposa. Popeza kutsegula akaunti kufuna laisensi ndi ziphaso, wopanda ziphaso abwereka akaunti ya mnzace, nalipira mwini wace sabata ndi sabata. Ayenda tsiku lonse pa dzina la munthu wina. Mbiri yabwino imene apanga ilembedwa pa dzina limenelo, ndipo akacita ngozi, mabuku a kampani asonyeza kuti iye sanakhaleko. Kwa munthu wotere mau akuti kukwezedwa pa nchito alibe tanthauzo konse. Kukwera kumene iye akuona ndi kugula njinga yace-yace, kenaka yaciwiri yobwereketsa kwa mnyamata wina wocokera kumudzi. Ndipo ena akwera moteromo, nabwera ndi njinga kwao kudzayamba kabaza pa Jenda kapena pa boma. Kumeneko ndi kukwera kwa mwini malonda, ndipo tikulemekeza, koma sikunacokere pa makwerero a kampani.

Tionjezepo cimodzi cimene ambiri sacidziwa. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, khoti la za nchito la ku South Africa linagamula kuti mlendo amene cilolezo cace catha akhalabe wanchito pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kusuma akacotsedwa mosayenera. Ufulu umenewo ulipo. Koma amene akumbukira ciwawa ca 2008, pamene anthu 62 anaphedwa, ndi ca ku Durban mu 2015, pamene Boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ace, ndiponso amene amva za ndende ya Lindela, saona kukasuma ngati cinthu capafupi.

ZA MAKOLO ATHU

Anthu a ku Mzimba sali alendo pa nkhani zotere, ndipo mbiri yao ikhoza kutiunikira. Komiti ya Boma la atsamunda imene inafufuza za opita kunja mu 1935 inayerekeza kuti amuna 120,000 a dziko lino anali kunja, ndipo inadandaula za macona... iai, tinene bwino, za machona, amene anapita osabweranso, ndi za akazi otsala okha ndi makasu. Panali njira ziwiri. Ena anapita pa pangano la Wenela, imene dzina lace lidakali pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Ena anapita "selefu", pa okha, wapansi.

Sitifuna kukometsa Wenela. Malipiro anali ocepa, komboni inali ya amuna okha-okha, ndipo pfumbi la mu mgodi linadya mapapo a ambiri. Makwerero a mu mgodi anali ndi denga lolembedwa m'lamulo: kuyambira 1911 nchito za luso, monga kuphulitsa miyala, zinasungidwira Azungu, ndipo munthu wakuda akakwera kwambiri anali kufika pa ukapitao kapena pa umabalani, ndiwo ukalaliki wa pa mgodi. Pa umabalani pamenepo anthu a kumpoto kwa dziko lino anachuka, cifukwa ca sukulu za mishoni za Livingstonia ndi Loudon. Amene anadziwa kulemba ndi kuwerengera anacoka pansi pa nthaka nakhala pa tebulo. Clements Kadalie, wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, anagwirapo ukalaliki pa migodi ya ku Southern Rhodesia asanafike ku Cape Town, kumene mu 1919 anayamba bungwe la ICU pakati pa onyamula katundu a pa doko. Pofika 1927 bungwelo linali kunena kuti liri ndi mamembala 100,000. Ndi cinthu coyenera kucilingalira kuti bungwe loyamba lalikuru la anchito akuda m'dziko lija linayambika pakati pa onyamula katundu, ndipo wolitsogolera anali mphunzitsi wa kwathu.

Koma wa pangano la Wenela, ngakhale anazunzika, anali ndi nambala. Boma lace linadziwa kumene iye ali. Gawo la malipiro ace linali kusungidwa kuti akalandirire kwao. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 April 1974, nkupha anchito a ku Malawi 74, Dr Banda anatha kuimitsa kulemba anthu nthawi yomweyo, pamene Amalawi a m'migodi ya kumeneko anali oposa 100,000, cifukwa panali pangano loti aliimitse. Kulembako kunayambanso mu 1977 pa dzina la TEBA, nikutha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Cicokere nthawi imeneyo pafupi-fupi onse apita selefu. Lero njinga ikagunda lole ku Kempton Park palibe pangano loti wina aliimitse. Cimene cicitika ndi msonkhe-msonkhe wa anzace pa foni, kuti maliro akwere ulendo wa masiku angapo kubwera ku Mzimba.

ZOYENERA KUZIYANG'ANIRA

Zinthu ziwiri zikudza zimene zidzapanikiza njirayi koposa. Coyamba ndi makina. Amazon inagula kampani ya Kiva mu 2012 pa madola 775 miliyoni, ndipo mu 2025 inalengeza kuti makina ace oyenda okha m'nkhokwe afika miliyoni imodzi. Makina otere anyamula shelefu yonse kudza nayo kwa munthu, kotero kuti ofunika kuyenda-yenda acepa, ndipo ofunika kukonza makinawo acuruka. Ngakhale a m'maofesi sanapulumuke, pakuti kampaniyo inacotsa anchito 27,000 pakati pa 2022 ndi 2023. Caciwiri ndi ndale za ku South Africa. Mu May 2025 nduna za dzikolo zinabvomereza ndondomeko ya za anchito ocokera kunja, pamodzi ndi bilu yopatsa nduna ya za nchito mphamvu yoika malire a ciwerengero ca alendo m'magawo ena a nchito. Mphepo yace ikuombera kumodzi.

Sitikhulupira kuti kuletsa anyamata kupita kungathandize. Atsamunda anayesa nalephera, ndipo kwaca itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, randi iri yonse yofika pa Mukuru inalemera koposa m'manja mwa amai a kumudzi. Cimene cingatheke ndi kusintha cimene mnyamata anyamula popita. Nchito za m'nkhokwe zimene ziri ndi tsogolo ndi za magetsi, za kukonza makina, za kuyendetsa makina onyamulira katundu, ndi za kusunga mabuku a katundu pa kompyuta. Zonsezi ndi za satifiketi, ndipo ndizo zimene TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji a luso a m'madera amene Boma linayamba kutsegula mu 2015, anapangidwira. Satifiketi yotere igwiranso nchito ku Mzuzu, ku Kanengo ndi ku Limbe, ndipo mwini wace sakakamizika kuoloka Limpopo. Mphunzitsi amene aumiriza mwana kumaliza masamu ndi Cingerezi ca Fomu 4 akucita cimodzi-modzi cimene aphunzitsi a ku Loudon anacitira amabalani.

Kwa a Unduna wa za Nchito ndi ofesi yao ya pa boma la Mzimba, nchito yoyamba ndi yopepuka: kuuza opita, asanakwere, kusiyana kwa wolembedwa ndi waganyu, tanthauzo la masiku 30, ndi kufunika kosunga cikalata ciri conse ca malipiro. Yolemera ndi ya mapangano a pakati pa maboma. Pamene acinyamata 221 ananyamuka kupita ku minda ya ku Israel mu November 2023, panali madandaulo ambiri, ena a iwo omveka. Koma maina ao analembedwa, ndipo panali woti afunsidwe. Dziko limene Amalawi apitako ocuruka koposa ndi South Africa, ndipo kumeneko ndiko kumene dzina la wopita lisowa m'buku liri lonse.

Kufunika kwa dzina m'buku kunaoneka kale. Mu July 2019 khoti la ku Johannesburg linabvomereza cimvano ca R5 biliyoni pakati pa makampani 6 a migodi ya golide ndi anthu amene anadwala matenda a pfumbi ndi cifuwa cacikuru, ndipo bungwe la Tshiamiso linakhazikitsidwa kuti ligawe ndaramazo kwa amene anagwira m'migodiyo kuyambira 1965, kapena kwa amasiye ao. Wofuna kulandira ayenera kusonyeza mgodi umene anagwirako ndi zaka zace. M'midzi ya ku Manyamula alipo okalamba amene asunga kakhadi ka Wenela m'sutikesi zaka 50, ndipo njira yao yolondola ndaramazo yakhala yaitali ndi yotopetsa. Komabe ali naco coti aonetse kalaliki. Mdzukuru wao, amene wayenda zaka zisanu pa akaunti ya munthu wina, msana ukadzayamba kumpweteka adzapeza kuti foni imene inali ndi maulendo ace onse inabwezedwa kale kwa mwini wace.